Nambala Naini Imabwerera Yokha

Ine ndimagulitsa mowa, ndipo wogulitsa mowa amamva zambiri kuposa m'busa. Bawa yanga ili pakamtunda, khonde lake limayang'ana padamu. Pakona pali tebulo la mwendo umodzi waufupi, lija timaliikira katoni pansi kuti lisagwedezeke. Pa tebulo limeneli pabadwira mapulani akuba amene ine sindingathe kuwawerenga, ndipo onse amafera pomwepo botolo lomaliza likatha. Pulani imodzi yokha ndi imene inadzuka n'kuyenda ndi miyendo yake. Ndikumva nanu chisoni kuti simunaione.

Linali Lachitatu masana, dzuwa likuswa mtengo. Pa tebulopo panali amuna atatu. Woyamba anali Mapulani, kamunthu kakafupi kovala jekete ngakhale kutenthe bwanji, bolopeni ili kukhutu ngakhale kuti inasiya kulemba kalekale. Wachiwiri anali Chigubu, amene akamalowa m'bawa mwanga mumayamba mwachita mdima chifukwa thupi lake limatseka khomo lonse. Wachitatu anali Kamphepo, mlamu wake wa Mapulani, munthu woonda ndi wamantha, wotsuka maboti ku kalabu ya anthu olemera ya kuseri kwa bango.

"Amwene, lero ndiye ndabwera ndi dilu," anatero Mapulani akugogoda botolo pa tebulo.

"Ija ya nkhuku munatinso ndi dilu, alamu," anayankha Kamphepo. "Mpaka pano galu uja akandiona amanyambita milomo."

"Nkhuku ndi za ana. Tayang'anani uko."

Analoza kumunsi, m'mphepete mwa madzi, kumene kuli shedi ya malata ya a Milimita. Bambo amenewa amapanga siki, matabwa aja aatali opyapyala amene munthu amaimapo boti likumukoka ndi chingwe, iye n'kumatsetsereka pamwamba pa madzi. Zawo ndi za mpikisano umene amautcha silalomu: thabwa ndi limodzi, mapazi onse awiri pomwepo, lina kutsogolo lina kumbuyo, ndipo wokwerayo amakhotakhota kuzungulira mipira isanu ndi umodzi yoyandama.

"Pali bwana wina wa magalasi akuda," anapitiriza Mapulani motsitsa mawu, ngakhale kuti kutsitsa mawu kwake kumamveka mpaka kuchimbudzi. "Nayenso amapanga zomwezi, koma zake ndi mbola. Akufuna siki yatsopano ya mdala uyu, yabwino kuposa zonse, aing'ambe aione m'kati. Atidikira mawa tsidya lija pa nyumba ya pampu. Tikangomupatsira, ife basi tathana ndi umphawi."

"Nanga tikaidziwa bwanji?" anafunsa Chigubu. "M'shedimo muli matabwa ambirimbiri."

"Aise, chinthu chabwino sachita kufunsa. Chimadzionetsa chokha. Ukalowa m'shopu, nsapato yodula amaiika pansi pa benchi?"

Chigubu anaganiza nthawi yaitali, kenako anavomera kuti ayi, amaiika pagalasi.

"Ndiye basi. Mawa dzuwa likafika pamutu, mdala ndi mwana wake amapalasa kabwato kupita kuseri kwa phiri kukayeza mipira yawo. Zitseko amazisiya pululu kuti fungo la guluu lituluke. Palibe kuthyola loko, palibe kudumpha mpanda. Tikulowa ngati alendo. Iwe mlamu ubwereke boti limodzi la mabwana ako, ulibise m'bango."

"Ndiye tiiike m'boti?"

Apa Mapulani anachotsa bolopeni kukhutu n'kuiloza m'mwamba. Akatero mumadziwa kuti nzeru yaikulu ikubwera, ndipo muyambe kuthawa.

"Ayi. Munthu atanyamula siki m'boti la eni ndi mbava. Koma munthu ataima pa siki, boti likumukoka, ndi kasitomala wa kalabu. Ndani angamufunse? Ine ndiikwera mpaka tsidya."

"Alamu, munakwerapo?"

"Ndakhala pakhonde pano miyezi itatu ndikuonerera. Ukuyesa ndimangomwa? Ndimaphunzira. Boti limakoka, iwe umangoima. Kuima n'kovuta? Unayamba kuima uli ndi chaka chimodzi."

Anagundanitsa mabotolo. Ine ndinamva zonse ndikupukuta matambula, ndipo sindinauze munthu. Musandiweruze. Ndikadamathamangira kupolisi ndi pulani iliyonse ya pa tebulo lija, bwenzi miyendo itandithera m'njira.

Tsopano ndikuuzeni zinthu ziwiri zimene Mapulani sanazidziwe, chifukwa safunsa adadya phula.

Choyamba ndi ichi. A Milimita dzina limeneli analipeza chifukwa amayeza chilichonse, ngakhale thovu la chakumwa chawo amaliyang'ana ngati lawalakwira muyezo. Ndipo ali ndi khalidwe lawo lachilendo. Siki ikalephera mayeso saitaya. Amaipaka penti, amaipukuta mpaka iwale, amalembapo nambala yagolide, n'kuipachika pakhoma. Ndinawafunsapo chifukwa chake.

"Mayi, ndili mnyamata ndinkataya zolakwika zanga kudzala," anandiyankha. "Pakatha chaka ndinkabwereza cholakwa chomwecho. Tsopano ndimazikongoletsa kuti ndizizipatsa moni m'mawa uliwonse."

Siki imene idakali ndi chiyembekezo saipaka kanthu. Imakhala yotuwa, yodzaza mizere ya pensulo ndi zigamba za tepi, yoti mukaipeza panjira mungaitole n'kukatsekera khola.

Chachiwiri n'chakuti sabata imeneyo a Milimita sankagona tulo. Siki yawo yatsopano, nambala twente, inawadyera zaka zitatu. Loweruka kunkabwera anthu a sitolo yaikulu kudzaiona ikuthamanga, ndipo woikwera anali mwana wawo wamkazi, amene tonse timamutcha Nachingwe chifukwa manja ake anauma ndi chingwe cha boti. Koma siki isanalowe m'madzi pa liwiro lonse, iyenera kukhoza mayeso a kulemera. Amaigoneka pa mabenchi awiri, nsonga uku nsonga uku, n'kusanjika pakati matumba asanu a mchenga. Pambali pake amamangirira pensulo imene imalemba pakhadi mmene thabwalo lapindikira. Likafika pa mzere wofiira n'kubwerera bwinobwino, ndiye kuti lapambana.

Nambala naintini inathyoka pa thumba lachinayi. Nambala eyitini sanaiyeze mokwanira, ndipo inathyokera pamadzi Nachingwe ali pamwamba, mtsikanayo n'kukhala miyezi iwiri mkono uli m'chikhakha. Kuchokera pamenepo bambowo analumbira kuti mwana wawo sadzapondanso siki yosayezedwa. Vuto linali lakuti twente ankaikonda kwambiri moti kuiyeza ankakuopanso. Ankasanjika matumba atatu, n'kunyamula lachinayi, n'kuima nalo, n'kulibwezera pansi.

Lachitatu lomwelo, mbava zitachoka, awiriwa anabwera pakhonde langa kudzamwa zoziziritsa kukhosi.

"Ababa, atsala masiku atatu," anatero Nachingwe. "Ikani matumbawo. Kapena ndiike ine."

"Usakhudze! Guluu sanaumitsitse."

"Guluu anauma mwezi watha. Chimene sichinaume ndi mtima wanu."

"Ikathyoka, mwanawe, ndilibe mphamvu zoyambiranso. Nditseka shedi ija ndibwerere kopanga zitseko."

"Nanga mukapanda kuiyeza? Loweruka anthu aja adzaonera chiyani, mabenchi?"

Bambowo anangozunguza botolo lawo pa tebulo, ndipo ine zinandimvetsa chisoni, chifukwa a Milimita ndi munthu wabwino.

Lachinayi dzuwa litafika pamutu, kabwato ka bambo ndi mwana wake kanakhota kuseri kwa phiri. Posapita nthawi ndinaona anthu atatu akutuluka m'bango. Ndinatsala pang'ono kugwetsa thireyi. Mapulani anali patsogolo atavala kabudula wamaluwa, magalasi osambirira pamphumi, jekete yake ili pomwepo. Zimene zinachitika m'shedimo sindinazione ndi maso, koma aliyense wa iwo anandifotokozera pambuyo pake, aliyense akuloza chala mnzake, ndipo ine ndinasefa ndekha.

Atangolowa, fungo la guluu linawalandira. Kamphepo anayamba kuyetsemula.

"Khala chete iwe, mphuno ngati wezulo!"

"Alamu, si dala."

M'katimo munali makina opalira, zitini za guluu, mapepala ojambulidwa mizere, fumbi loyera paliponse. Ndiyeno khoma lija. Siki zobiriwira, zachikasu, zakuda, zonse zikunyezimira, ndipo pamwamba penipeni pafupi ndi denga panali yofiira, yowala kuposa zonse, nambala naini yagolide ili pamphuno.

"Mwaona?" anatero Mapulani. "Ndinati chiyani? Waiika pamwamba kuti ntchentche ngati inu zisaifikire."

"Inzake ili kuti?" anafunsa Kamphepo. "Pa TV amakwera ziwiri."

Anataya mphindi zisanu akusakasaka inzake ya siki imene inabadwa yokha. Anasuzumira pansi pa matebulo, anatsegula kabati, Chigubu mpaka anavundukula poto wa tiyi. Kenako Mapulani anagamula kuti ziwiri ndi za ophunzira, madolo amakwera imodzi, ndipo kwa nthawi yoyamba pa moyo wake ananena zoona mwangozi.

Makwerero sanawaone. A Milimita amawasunga kuseri kwa chitseko, koma mbava zathu zinali ndi maso a pamwamba pokha.

"Chigubu, kwera apo," analamula Mapulani, akuloza thabwa lotuwa lodzaza tepi limene linagonekedwa pa mabenchi awiri pafupi ndi khomalo.

"Lindipirira limeneli?"

"Ndi chithabwa chachabechabe, likathyoka ndi nkhuni. Kwera!"

Chigubu anaponda pakati penipeni ndi nsapato zake zamatope. Thabwalo linalira pang'ono, linapindika, kapensulo kena kake kanakanda pakhadi, koma palibe amene anakamva. Anatambasula dzanja, siki yofiira inali patali pang'ono.

"Dumpha!"

Anadumpha. Thabwa linamira naye n'kumuponya m'mwamba. Anadumphanso. Ulendo wachitatu anaigwira, n'kutsika nayo ali wefuwefu, msomali ukugwa pansi.

"Chithabwa ichi chili ndi sipuling'i bwino," anatero Chigubu. "Tingachitenge, chingakhale bedi."

"Siya zinyalala. Tiyeni!"

Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nambala naini aliyense wa pabawa panga ankaidziwa. Pansi pake a Milimita anapala mbali imodzi mopitirira, ndiye inkakokera kumanzere ngati bulu woona khola. Kaya upendekere kumanja, kaya upemphere, iyo kumanzere basi. Tsiku limene Nachingwe anaiyesa inakamutaya m'bango, ndipo tinaseka sabata yathunthu. Atatuwa sanaone nawo chifukwa nthawi imeneyo anali alendo a boma pa mlandu wa nkhuku uja.

M'bango munali boti loyera la injini yaikulu. Kamphepo ankadziwa kulitsuka, kulipukuta ndi kuliliza, koma kuliyendetsa anali asanapitirire nalo mayadi khumi. Mapulani analowa m'madzi, anakankhira mapazi ake m'nsapato zalabala za pa siki, anavala jekete yoyandamitsa pamwamba pa jekete yake, n'kugwira chogwirira cha chingwe.

"Ndikati tiye, uponde!"

"Alamu, boti saponda, amakankha ichi."

"Kankha kaya ponda, tiye!"

Ulendo woyamba anamwa madzi. Wachiwiri anamwanso, ndipo magalasi osambirira anatsanzika. Wachitatu kabudula wamaluwa anatsikira m'mawondo, anachita kumukweza ndi dzanja limodzi. Apa n'kuti khonde langa litadzaza. Amakanika a pagalaja anasiya masipanala, mayi wogulitsa zipatso anasiya dengu, ngakhale a Sajeni a kupolisi, amene ankadya chamasana chawo pakona, anakoka mpando kuti aone bwino.

"Kasitomala watsopano wa kalabu ameneyo?" anafunsa a Sajeni.

"Zikuoneka choncho, bwana," ndinayankha, maso ali pansi.

Ulendo wachinayi chodabwitsa chinachitika. Mapulani anadzuka. Anaima ndithu, miyendo ikunjenjemera, msana utapindika, koma anaima, madzi akuthovoka kumbuyo kwake. Khonde lonse linaomba m'manja. Iye anamva, ndipo anachotsa dzanja limodzi n'kutibayibitsa. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Naini inadikira kuti atalikire pang'ono, kenako inakumbuka khalidwe lake. Inayamba kupita kumanzere. Mapulani anapendekera kumanja, iyo kumanzere. Chingwe chinakungika n'kuyamba kukoka matako a boti. Chigubu anathamangira mbali yomweyo kuti aone chimene chikuchitika, boti n'kupendekeka, ndipo Kamphepo, poopa kugwa, anakumbatira chiwongolero n'kutseka maso.

"Kumanja, mlamu! Kumanja!"

"Ndi inuyo mukutikoka, alamu!"

"Ndikukoka ndine? Ine ndine injini?"

Boti linazungulira damu lonse mozungulira bwinobwino ngati mbale, n'kudzadutsanso pamaso pathu. Tsidya lija, pa nyumba ya pampu, bwana wa magalasi akuda anaimirira n'kukweza dzanja, koma katundu wake anamudutsa patali akukuwa. Anazunguliranso kachiwiri. Amakanika anayamba kuwerenga mokweza. Pa ulendo wachitatu bwana uja analowa m'galimoto yake n'kuchoka, ndipo sanaonekenso mpaka lero.

Nthawi imeneyi n'kuti a Milimita ndi Nachingwe atabwerako kuseri kwa phiri, atamva phokoso. Anakocheza pa kamlatho kawo ka matabwa. Ine ndinatsikira komweko ndikuthamanga, a Sajeni akubwera pambuyo panga mosafulumira, akutokosa m'mano.

"Ababa, atibera!" anakuwa Nachingwe. "Ndikatenge boti la kalabu ndiwathamangitse!"

Bambowo anaphimba maso ndi dzanja, n'kuyang'anitsitsa mmene munthuyo ankakhotera.

"Ndi naini imeneyo," anatero. Anakhala pansi pa kamlatho n'kuvula nsapato imodzi kuti achotse kamwala. "Usadzivute, mwanawe. Ibwera yokha."

Inabweradi. Bwalo lija linkacheperachepera, ndipo pa ulendo wachinayi manja a Mapulani anatopa. Anataya chingwe. Naini inamunyamula mwaulemu, ikukhotabe kumanzere, n'kudzamukweza pamchenga pafupi ndi kamlatho. Siki inaima, iye sanaime. Anagubuduka kawiri n'kudzagwada pamapazi pa a Sajeni, ndere zili kumutu, bolopeni idakali kukhutu.

"Mwaswera bwanji, bwana?" anatero Mapulani. "Timangoiyesa."

"Ndaona," anayankha a Sajeni. "Mwaiyesa bwino. Bweretsani manja."

Chingwe chimene anataya chija chinakakulunga kachitsulo kozungulira ka injini, boti n'kuzima pakati pa damu. Kamphepo ankatha kusambira koma ankaopa, Chigubu sankaopa koma sankatha. Anangokhala momwemo ngati ana odikira mayi awo, mpaka Nachingwe anapalasa kabwato kukawakoka.

Koma a Milimita sanadikire zimenezo. Nkhope yawo inasintha mwadzidzidzi. Anakumbuka kuti naini imakhala pamwamba, ndipo pansi pake pali mabenchi awiri. Anathamangira m'shedi nsapato imodzi ili m'manja, ine pambuyo pawo.

Twente inali pomwepo pa mabenchi ake. Pakati pake panali zidindo za nsapato zazikulu zamatope. Bambowo anaima pakhomo, ndipo ndinaona kuti akuopa kuyandikira. Kenako anapita pang'onopang'ono, anagwada, anayendetsa zala pansi pa thabwalo kuchokera kumphuno mpaka kumchira. Analigogoda ndi chala khutu lili pompo. Anatenga rula yachitsulo n'kuigoneka pamwamba. Pomaliza anayang'ana pakhadi.

Pensulo inali italemba mizere yakuda, yotsika mpaka kupitirira mzere wofiira, ndipo nsonga yake inali itabwerera pamalo pomwe inayambira.

Anakhala pansi pafumbi n'kuyamba kulira. Ine ndinayesa zaipa.

"Yathyoka, bambo?"

"Mayi," anatero akupukuta maso ndi malaya, "ndiitanireni wonenepayo."

A Sajeni anawabweretsa onse atatu, awiri atawamanga unyolo umodzi, Chigubu atamumanga ndi chingwe cha boti chifukwa unyolo sunakwane mkono wake. Atangoona zidindo za nsapato zake anayamba kupepesa.

"Bwana, ndipukuta. Anandituma ndi awa."

"Usapukute! Kwera apa."

Anamukweza pa sikelo yoyezera mchenga. Muvi unazungulira n'kukaima pa makilo 142. Matumba asanu aja onse pamodzi ndi makilo 125 okha. A Milimita analemba pakhadi.

"Unangoimapo, kapena unasuntha?"

Chigubu anayang'ana a Sajeni, n'kuyang'ana Mapulani. "Ndinadumphapo pang'ono, bwana. Kawiri."

"Katatu," anatero Kamphepo.

"Iwe, ukundiwonjezera mlandu?"

"Katatu!" anafuula a Milimita, n'kumukumbatira Chigubu pamimba, poti m'pamene manja awo anafika. "Mwanawe, wamva? Makilo 142, katatu! Ine ndimalephera thumba lachinayi!"

Nachingwe anatenga khadilo, analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka mpaka anatsamira khoma. "Ababa, ndiye kuti mawa ndilowa nayo m'madzi?"

"Mawa m'mawa. Liwiro lonse."

Mapulani, madzi akudonthabe m'jekete, anakweza mutu. Anayang'ana chithabwa chotuwa chija, anayang'ana yofiira imene inali itatsamira pakhomo, ndipo ndinaona nzeru ikulowa m'mutu mwake mochedwa ngati basi ya kumudzi.

"Mdala, mukutanthauza kuti yeniyeni ndi iyi?"

"Ndi imeneyi."

"Nanga yokongolayi?"

"Imeneyo ndi manyazi anga. Komabe ndikuthokoze, palibe amene anakhalapo pa naini maulendo anayi. Mwana wangayu sanathe ngakhale theka. Tandiuza, imayamba kukoka liwiro likakwera, kapena kuyambira pachiyambi?"

Mapulani anawongola jekete yake yonyowa. Moyo wake wonse ankafuna kuti munthu wina amufunse maganizo ngati katswiri, ndipo tsikulo linafika ali mu unyolo.

"Kunena zoona, mdala, poyamba imakhala bho. Imayamba mwano ukangokweza dzanja."

"Ukangokweza dzanja," anabwereza a Milimita akulemba. "A Sajeni, mungandibwereke anthuwa mphindi khumi? Ndili ndi mafunso ena."

"Zisanu," anatero a Sajeni. "Chakudya changa chikuzizira."

Loweruka khonde langa linadzaza kuposa tsiku la mbava. Nachingwe anazungulira mipira yonse isanu ndi umodzi, akupendekeka mpaka phewa kutsala pang'ono kukhudza madzi, kumbuyo kwake madzi akuimirira ngati khoma. Anafupikitsa chingwe, anazunguliranso. Bambo ake anaima pa kamlatho wotchi ili m'manja, koma sanaiyang'ane ngakhale kamodzi. Anthu a sitolo aja anapita m'shedi, ndipo anatulukamo madzulo akugwirana chanza ndi mdalayo. Zitseko a Milimita sanabwerere kukapanga.

Atatu aja boma linawasunga miyezi ingapo. Mwezi uliwonse a Milimita ankapita kukawaona atanyamula sopo ndi buledi, wa Chigubu malofu awiri, ati asaonde chifukwa twente-wani ikubwera. Tsopano anatuluka, ndipo anabwerera pa tebulo lawo la pakona. Mapulani amauza aliyense wolowa kuti iyeyo ndi amene anayesa siki za mpikisano, ndipo tikamuseka amaloza ine kuti ndichitire umboni. Ndimachitira, chifukwa bodza lake lili ndi choonadi m'kati.

Naini inabwerera pakhoma pake, koma tsopano anaitsitsa, ili poti ngakhale munthu wamfupi aifikire. Twente sanaipake penti mpaka lero. Anangoithira vanishi woonekera, ndipo pakati pake, pansi pa vanishiyo, pali chidindo cha nsapato yamatope chimene a Milimita salola munthu kuchipukuta.